Akuti Dziko Latha, Koma Mbewu Akufuna Tiwapatse

Chichokereni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, mawu akuti "dziko latha" sakuchoka pakamwa pa anthu kuno ku Mecanhelas. Tikuwamva pamaliro, pachigayo, ngakhale pa mphakati. Ife tikuwakana mawu amenewa, ndipo tili ndi zifukwa.

Olosera tsiku sanayambe lero. Mu 1909, Elliot Kamwana anabatiza anthu zikwizikwi cha ku Nkhata Bay, akulalika kuti maufumu a pansi pano adzatha mu 1914. Chakacho chinafika ndi nkhondo, chinapita, ndipo adzukulu a obatizidwawo akulima mpaka lero. Ku Kanungu, m'dziko la Uganda, anthu analonjezedwa kuti mapeto ndi chaka cha 2000. Anagulitsa minda ndi ziweto, ndalama napereka kwa atsogoleri awo. Tsikulo litapita pachabe, anthu mazanamazana anatenthedwa m'nyumba yopemphereramo pa 17 Malichi 2000, ana ali momwemo. Atsogoleriwo ankatchula dzina la Amayi Maria; tisadzinamize kuti matendawa ndi a mipingo ina yokha.

Pa Marko 13:32 Ambuye Yezu anatseka khomo limeneli: tsiku ndi ola zili m'manja mwa Atate. Tsono munthu akabwera ndi loto lake ndi deti lake, akudziyesa wodziwa kuposa angelo. Mufunseni chinthu chimodzi: ngati mawa kulibe, mbuzi yathu akuifuniranji?

Palinso ena amene Baibulo saligwira n'komwe, koma nyimbo yawo ndi yomweyo. Amva pa wailesi za kusintha kwa nyengo, basi akuti zonse zinaonongeka kale, tidye lero. Kusintha kwa nyengo n'koona. Mvula yathu ikuchitira umboni. Koma akatswiri aja akuchenjeza kuti tisinthe makhalidwe, sakupereka chilolezo chogwetsa mtengo wotsiriza kuti ukhale makala, kapena chokokolola tiana ta matemba ndi neti ya udzudzu. Nyanja ya Chirwa inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo madzi anabwerera. Chimene chingalephere kubwerera ndi nsomba, ngati tiziphera pa mazira. Papa Fransisko analemba Laudato si' mu 2015 kuti atidzutse, osati kuti tipinde manja.

Timavomereza pa Misa kuti Ambuye adzabweranso kudzaweruza amoyo ndi akufa, ndipo sitikuchotsapo kanthu. Akhristu a ku Tesalonika ankakhulupiriranso zomwezo, koma ena atasiya makasu poyembekeza, Paulo Woyera anawadzudzula mosabisa, nawalamula kuti adye za thukuta lawo.

Mneneri wa deti ndi mnyamata wa makala sagwirizana pa za Mulungu, koma onse awiri amasiya munda uli thengo. Mvula ikagwa mu Novembala, timawaona akubwera ndi kambale kudzapempha mbewu kwa agogo aja amene anawaseka chifukwa chosunga chimanga m'nkhokwe.