Masewero a Jamaica: kuthamanga si kufika

Pabawo palibe chobisika. Nkhomo zonse zili poyera, ndipo wodyedwa sangaloze munthu chala. Lero, awerengi, tikambe za masewero ena apatebulo omwe mnzako amakubisira chomwe chili kumtima kwake. Dzina lake ndi Jamaica. Anatuluka m'chaka cha 2007 ndipo anawakonza ndi Malcolm Braff, Bruno Cathala ndi Sébastien Pauchon. Amasewera anthu awiri mpaka asanu ndi mmodzi.

Nkhani yake ndi ya achifwamba apanyanja ya Caribbean. Mmodzi mwa otchuka anali Henry Morgan wa ku Wales, yemwe anafwamba mzinda wa Panama mu 1671, koma pambuyo pake Angelezi anamuika kukhala wachiwiri kwa bwanamkubwa wa chilumba cha Jamaica. M'masewerowa, wosewera aliyense ndi wachifwamba wokhala ndi sitima yake, ndipo onse akuchita mpikisano wozungulira chilumbachi, kuyambira padoko la Port Royal n'kudzathera pomwepo.

Sitima iliyonse ili ndi zipinda zisanu zosungiramo katundu. Katunduyo ndi wa mitundu itatu: chakudya, ndalama zagolide ndi wonga wa mizinga. Poyamba aliyense amapatsidwa zakudya zitatu ndi ndalama zitatu, komanso makadi atatu m'manja. Khadi lililonse lili ndi ntchito ziwiri, ya m'mawa ndi ya madzulo: kupita patsogolo, kubwerera m'mbuyo kapena kupakira katundu.

Wosewera mmodzi amakhala kaputeni, ndipo udindowu umazungulira. Iye amaponya madayisi awiri n'kusankha loti likhale la m'mawa ndi loti likhale la madzulo. Tinene kuti agwa 6 ndi 2, kaputeni waika 6 m'mawa. Aliyense amasankha khadi limodzi n'kuliika chafufumimba. Ngati khadi lanu likuti m'mawa kuyenda, madzulo kupakira chakudya, ndiye kuti muyenda malo asanu ndi amodzi, kenako mulandira zakudya ziwiri. Mnzanu yemwe waika khadi lina agwiritsa ntchito manambala omwewo mwa njira ina.

Vuto lili pa malo omwe sitima yaima. Mukaima pakati panyanja mumalipira chakudya, mukaima padoko mumalipira golide. Wopanda cholipira amabwezedwa m'mbuyo. Choncho 6 uja, yemwe amaoneka ngati mwayi, amatha kukufikitsani pamalo ofuna zakudya zitatu inu muli ndi chimodzi.

Ine chomwe chimandikopa kwambiri ndi lamulo la zipinda. Katundu watsopano amalowa m'chipinda chopanda kanthu basi. Simungaonjezere pomwe pali kale katundu. Dayisi likagwa 1, kandalama kamodzi kamatseka chipinda chonse. Zipinda zikadzaza, muyenera kutayira m'nyanja katundu wa m'chipinda chimodzi kuti mupakire watsopanoyo. Apa m'pomwe mumaona munthu wamkulu akuusa moyo, akutaya chakudya kuti asunge golide, kenako n'kusowa cholipira patsogolo. Akuluakulu anati ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Sitima ziwiri zikakumana pamalo amodzi, nkhondo yabuka. Woputa amayamba kunena kuchuluka kwa wonga womwe awononge, n'kuponya dayisi lankhondo. Woputidwa amachita chimodzimodzi. Wopeza nambala yaikulu wapambana, ndipo dayisi likagwa pa nyenyezi nkhondo yathera pomwepo. Wopambana amasankha: kulanda katundu wa m'chipinda chimodzi, kulanda khadi la chuma, kapena kupatsira mnzakeyo chuma chotembereredwa. Makadi achumawa amapezeka m'mapanga a achifwamba, momwe simulipira kanthu. Ena amaonjezera mapointi, ena amachotsa, ndipo eni ake amawasunga mobisa. Mutha kuwononga wonga wanu wonse kuti mube khadi, n'kupeza kuti mwadzibera tsoka.

Masewero amatha sitima yoyamba ikafika ku Port Royal. Koma wofika msangayo sikuti wapambana ayi. Amaphatikiza mapointi a malo omwe sitima yafika, golide wotsala m'zipinda ndi makadi achuma, n'kuchotsera otembereredwa. Wofika ndi zipinda zopanda kanthu amatha kugonja kwa yemwe ali m'mbuyo pang'ono koma wadzaza golide. Nayenso wozengereza samusekerera: wotsalira kutali kwambiri amamudula mapointi asanu.

Ena amati masewero amadayisi ndi amwayi chabe, alibe nzeru ngati bawo. Ine ndikukana. Mwayi ulipodi, koma madayisi awiri aja ndi a anthu onse patebulo. Kusiyana kumabwera pa khadi lomwe munasunga, chipinda chomwe munasiya chopanda kanthu, ndi kuwerenga nkhope ya mnzanu kuti akufuna kuima pati. Kaputeni wochenjera saganizira sitima yake yokha. Amaika nambala yaikulu pomwe akuganiza kuti ipweteka wotsogola.

Mukadzawapeza masewerowa, langizo langa ndi ili: musananyamuke ndi liwiro, yambani mwawerenga chakudya chomwe chili m'sitima. Ndipo mnzanu akamakusekererani uku wonga wadzaza zipinda ziwiri, musaime pomwe sitima yake ingakupezeni.