Chenjezo kwa eni galimoto ndi amakaniko a ku Dedza: samalani ndi crossmember yotchipa

Eni galimoto, oyendetsa mataxi ndi amakaniko a pa Dedza boma, Bembeke, Linthipe, Chimbiya ndi Lobi, tcherani khutu. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zipangizo za galimoto zinakwera mtengo, ndipo aliyense wodzutsa Sienta kapena Probox yake akufuna zotchipa. Umiranipo pa penti, wailesi ndi mipando, koma osati pa crossmember yakutsogolo, yomwe ena amati subframe.

Ichi ndi chitsulo cha kunsi kwa injini. Pamenepo ndi pomwe pamamangidwa steering rack ndi ma control arm ogwira mawilo akutsogolo. Chikapindika, galimoto imakokera mbali imodzi. Chikathyoka, wilo limagonera mkati ndipo chiwongolero sichimveranso dalaivala.

Kuno kwathu ngozi yake ndi yaikulu. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo wopita kunyanja kudzera msewu wa Khwekhwelere, kuchoka pa Masasa kutsikira ku Golomoti, amakhota ndi kuponda mabuleki njira yonse. Potsetsereka kulemera kwa galimoto kumathamangira kutsogolo, pa chitsulo chomwechi. Onjezanipo matumba a mbatatesi ndi madengu a tomato, maenje a m'misewu ya fumbi, ndi nkhungu ya mu Juni yomwe imabisa dzenje mpaka mutaligunda.

Pamsika mupeza mitundu itatu ya crossmember. Yoyamba ndi yatsopano yopanda dzina la kampani. Imaoneka bwino chifukwa cha penti yakuda yonyezimira, koma zina zimakhala za chitsulo chopyapyala ndipo mabowo a mabawuti sagwirizana ndi a galimoto. Makaniko akayamba kukuza bowo kuti bawuti ilowe, muletseni pomwepo, chitsulocho chibwezedwe. Yachiwiri ndi yochotsa pa galimoto ina. Imeneyi ikakhala yowongoka ndi yabwino kuposa yatsopano yosadziwika kochokera, koma muiyang'anitsitse. Kumpoto kwa Japan amathira mchere m'misewu nthawi ya chisanu, ndipo dzimbiri limadya chitsulo kuyambira mkati. Yachitatu ndi yanu yomweyo yong'aluka, yowotcherera pansi pa mtengo kenako n'kupaka penti. Iyi ikaneni, ngakhale mtengo wake ukome bwanji.

Musanapereke ndalama, kaya ku Biwi ku Lilongwe kaya kumalire a Mozambique, tengani nambala ya chassis. Sienta ya NCP81 si yofanana ndi ya NSP170, ndipo yokoka mawilo onse anayi, NCP85, ili ndi kapangidwe kakekake. Ikani chitsulo chatsopanocho pambali pa chakale, muyerekeze mabowo. Chigogodeni ndi hamala: pomwe padyeka ndi dzimbiri pamalira mogonthera ndipo pamayoyoka. Palani penti m'makona muone ngati pali mng'alu kapena powotcherera pachiwiri. Funsani lisiti, ndipo mugwirizane kuti chikapanda kukwana mubweza.

Mukamanga, ikani mabushi abwino, musinthe bawuti iliyonse yodyeka mazinga, ndipo mupite kukachita alignment musananyamule munthu. Ndalama zimenezi muziwerengere pamodzi ndi mtengo wa chitsulocho. Kawirikawiri chomwe chinkaoneka chotchipa chimadzadya matayala awiri pa miyezi yochepa.

Madalaivala, mukamva kugogoda kunsi poponda mabuleki, mukaona tayala likutha mbali imodzi, kapena chiwongolero chitapendekeka pamsewu wowongoka, imitsani galimoto ikaonedwe tsiku lomwelo. Pepala la COF limanena za tsiku lomwe galimoto inayesedwa, silinena za dzenje lomwe munagunda dzulo.

Amakaniko, uzani kasitomala zoona ngakhale akwiye. Eni galimoto, ngati ndalama ya crossmember yodalirika sinakwane, galimoto ikhale pakhomo mpaka ikwane. Musakweze ana a anzanu pa chitsulo chomwe inu nomwe mukuchikayikira.