Kodi inali nthawi yake, kapena tinasankha tokha?

Basi ikagubuduka pa Great East Road kapena pa Kafue Road, mau amene timamva pa malilo ni amodzimodzi: "Inali nthawi yake." Ena amaonjezela kuti tsoka silinunkha. Mau amenewa amatonthoza mai amene wataya mwana, ndipo pa nyumba ya malilo sindingatsutse munthu wowakamba. Cimene cimandidetsa nkhawa n'cakuti mau omwewa tawatenga kucoka pa malilo n'kuwalowetsa mu minibasi, basi ikali kuyenda, anthu tikali amoyo.

Ba draiva akaponda moto pa Lumumba Road, wina kumbuyo akadandaula, yankho imabwela msanga: "Amai, ngati ni tsiku lanu, ni lanu cabe." Tonse timaseka, nkhani yatha.

Koma tiyeni tione mmene ngozi imayambila. Mwini basi amaika ndalama ya kashing'i imene afuna madzulo, osafunsa kuti pamseu pali jamu yotani. Draiva amadziwa kuti yake ni imene idzatsala pamwamba, motelo amakwela m'mbali mwa mseu ndi kudumpha maloboti kuti apeze tilipu ina. Kondakita amapanikiza anthu anai pa mpando wa atatu. Tayala yakutha imati idzagulidwa mwezi wamawa. Ndipo ise apaulendo, amene tacedwa ku nchito, ndise timakuwa kuti, "Tiyeni ba draiva, nthawi yatha!" Apa palibe cimene cagwa kucoka kumwamba. Aliyense wasankha kanthu kake, ndipo tuzinthu tumeneto tukakumana pa kona imodzi, timati Mulungu watenga.

Ambili tikumbukila ngozi ya ku Chibombo mu February 2013, pamene basi yocokela ku Ndola inagundana ndi thilaki, anthu oposa 50 n'kutaya miyoyo. Dziko linalila. Mu 2016 boma linaletsa mabasi kuyenda usiku kuyambila 21:00 kufika 05:00. Kaya lamulo limenelo munalikonda kapena ai, tanthauzo lake linali lakuti zocita za anthu zimasintha ciwelengelo ca maliro. Cikanakhala kuti zonse zinalembedwa kale, sitikanafunika RTSA, laisensi kapena mabuleki.

Ndidziwa kuti ufulu wathu uli ndi malile. Wokhala ku Kanyama, Chawama kapena Mtendere sanasankhe mtengo wa mafuta. Sanasankhe kuti nchito zambili zikhale m'tauni, iye akhale kutali. Draiva naye ali ndi lendi ndi ana a sukulu. Munthu wa ndalama ya ulendo umodzi cabe sangatsike pa njila mosavuta kuti akwele basi ina. Izi n'zoona, ndipo amene amaika mitengo ndi kukonza miseu ali ndi mlandu wao. Koma ngakhale m'malo mopanikiza motelo, pamatsala kadanga. Draiva angathe kukana mowa m'mawa. Mwini basi angathe kugula tayala asanagule foni yatsopano. Wapaulendo angathe kutsegula pakamwa. Kadanga kameneko ndiye ufulu umene tili nao, ndipo ndiye umatisiyanitsa ndi thumba la makala limene limangopita kumene lanyamulidwa.

Nanga timaukilanji mbandakuca kukaima pa sitesheni? Palibe anabadwila kashing'i, ndipo palibe anabadwila kusaina buku ya ku nchito 08:00 isanakwane. Timathamanga kuti ana adye, aphunzile, makolo kumudzi alandile kangacepe. Ngati colinga ni anthu amenewo, kuika moyo pa ciswe cifukwa ca mphindi khumi ni kugulitsa nyumba kuti ugule citseko. Kuthamanga si kufika. Kwa ife opemphela, Mulungu amene timati ndiye mwini nthawi ni yemweyo anatipatsa nzelu ndi pakamwa. Kumuikila mlandu wa tayala yakutha si cikhulupililo.

Conco mawa mukakwela pa Kulima Tower, Millennium kapena City Market, ba draiva akayamba zao, kambani mwaulemu: "Ba draiva, cepetsankoni, tili na bana ku nyumba." Mnzanu akayamba kukamba, musamusiye yekha, cifukwa munthu mmodzi amasekedwa koma anthu asanu amamvedwa. Zikakanika, lembani nambala ya galimoto, muimbile RTSA pa 983. Tsiku lakufa sitilidziwa, n'zoona. Koma mmene tidzayendela mawa m'mawa, cimeneco cili m'manja mwathu.