Musanene Kuti Atsibweni Anga Sadziwa Bajeti

Atsibweni anga ali ndi kope lachikuto chofiira limene amalisunga m'sutikesi pamodzi ndi mapepala a malo. Pa tsamba loyamba analemba ndi dzanja lawo mu 2021, mwezi umene anapuma pa ntchito ali ndi zaka 52, atagwira ukalaliki pa kampani ina ku Limbe kwa zaka zoposa makumi awiri. Ufa, ndiwo, magetsi, madzi, sopo, mankhwala a BP, fizi ya mwana wotsiriza, chopereka cha kutchalitchi, ngakhale chipepeso cha pamaliro, zonse zili m'mizere yake. Pansi pake pali K150,000, penshoni ya pa mwezi, ndipo atachotsera zonse pankatsala K12,000. Samwa mowa, sanakwatire mkazi wachiwiri, sanagule minibasi. Bajetiyo aitsata mokhulupirika kuposa mmene ambirife timatsatira Malamulo Khumi. Lero ndalama ija imatha mwezi usanafike pakati, ndipo pa zinkhoswe ndi pamaliro ndimamva abale akunong'onezana kuti mkuluyu sanakonzekere bwino.

Ndikukana. Ndipo amene ndikulimbana nawo kwenikweni si abale onong'onawo, koma akatswiri amene amawaphunzitsa kaganizidwe kameneka, aja amabwera ndi majekete ku misonkhano yokonzekeretsa anthu opuma pa ntchito. Uthenga wawo ndi umodzi: lembani zolowa, lembani zotuluka, chepetsani zosafunika, yambitsani kabizinesi. Ali ndi nthano imodzinso imene saiiwala, ya bambo amene analandira ndalama zake nagula minibasi, dalaivala ndi kondakitala namudyera, galimoto n'kugona pa miyala. Anthu amaseka, amamwa tiyi, amabalalika. Phunziro lobisika m'nthanoyo ndi lakuti wopuma akasauka, wadzisaukitsa yekha.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Pamene atsibweni ankalemba tsamba lija, dola imodzi inali pafupifupi K800. Mu Meyi 2022 kwacha anaichepetsa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 anaichepetsanso ndi 44 peresenti, ndipo dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700 usiku umodzi. K150,000 imene inali pafupifupi madola 187 inasanduka madola 88, ndipo uwu ndi mtengo wa kubanki, osati wa pamsika umene amalonda ambiri amagulira ndalama zakunja. Wina anena kuti mkuluyu sagula zinthu m'madola. Zoona, koma mankhwala ake a BP, feteleza wa kumunda kwake ndi mafuta a minibasi imene amakwera popita kuchipatala, zonsezo zimalowa m'dziko muno ndi dola. Mitengo ikamakwera ndi 30 peresenti pa chaka, monga zinalili cha mu 2024, ndalama yosakwera imataya theka la mphamvu zake zaka zitatu zisanakwane. Ndiuzeni mzere wa m'kope lija umene akanafufuta kuti atseke dzenje lotere. Sopo?

Wantchito amene akadali pa ntchito ali nako kolirira. Akhoza kudandaula kwa bwana, kuopseza sitalaka, kapena kusaka ntchito kwina, ndipo ngakhale malipiro amakwera mochedwa ngati nkhono, amakwerabe. Wopuma amene anasainira ndalama yofanana mwezi ndi mwezi alibe bwana woti n'kumunyanyalira. Apa ndiye pali kusiyana kwa kupuma uli ndi zaka 60 ndi kupuma uli ndi zaka 50. Amene wapuma pa 50 nakhala ndi moyo mpaka 75 ali ndi miyezi 300 yoti adye ndalama imene anasonkha kwa zaka zochepa. Wadula zaka khumi zosonkha, zimenenso malipiro ake akanakhala okwera kuposa kale lonse, ndipo wawonjezera zaka khumi zodya. Kampani ya inshulansi nayo si yopusa: podziwa kuti idzamulipira nthawi yaitali, imamupatsa zochepa pa mwezi. Akatswiri a majekete masamu awa amawadziwa bwino. Sindinamvepo mmodzi wa iwo ataimirira n'kuuza kalaliki kuti, bambo, ndi ndalama zanuzi musapume.

Lamulo la penshoni limene linayamba kugwira ntchito ku Malawi mu 2011 linali ndi nzeru yake. Linakakamiza wolemba ntchito kusonkha 10 peresenti ya malipiro, wantchito 5 peresenti, ndipo popuma munthu ankalandira 40 peresenti nthawi imodzi, zotsalazo n'kumabwera pang'onopang'ono. Anthu anadandaula kuti ndalama zathu zomwe akutimana, ndipo lamulo la 2023 linakweza gawo lolandira nthawi imodzi kufika pa theka. Si ife tokha. Ku Zambia, kuyambira mu 2023, membala wa NAPSA amaloledwa kutapa 20 peresenti ya zosonkha zake asanapume. Ku South Africa, kuyambira pa 1 Sepitembala 2024, zosonkha zimagawidwa m'miphika iwiri: gawo limodzi mwa atatu limapita mumphika umene ungatapemo kamodzi pa chaka, boma n'kudulapo msonkho, ndipo magawo awiri amadikira ukalamba. Konseku anthu anathamangira ndalamazo, ndipo olemba m'nyuzi anawadzudzula kuti alibe mwambo.

Ine sindiwadzudzula. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Munthu amene anaona zimene zinachitika ku Zimbabwe, kumene kukwera mitengo kwa 2008 ndi kusintha ndalama kwa 2009 kunasandutsa penshoni za anthu ogwira ntchito moyo wawo wonse kukhala ndalama yosagula n'thumba la ufa lomwe, mpaka boma linakhazikitsa komiti ya Justice George Smith mu 2015 kuti ifufuze, munthu ameneyo akafuna ndalama yake lero sakuchita misala. Akuganiza bwino kuposa mlangizi wake. Chimene ndikudana nacho n'chakuti maboma athu apeza njira yotsika mtengo yotitontholetsa. Kuteteza mphamvu ya ndalama n'kovuta. Kulondola mabwana amene amadula 5 peresenti pa malipiro koma osaipereka ku thumba la penshoni, mlandu umene Banki Yaikulu ya dziko lino yakhala ikuudandaula chaka ndi chaka, n'kovutanso, chifukwa ena mwa mabwanawo ndi odziwika. Koma kutsegula chitseko kuti munthu atape ukalamba wake womwe sikudyera boma ngakhale tambala, ndipo anthu amaomba m'manja. Zikadzavuta, mlandu udzagwera wotapayo, poti anasaina yekha.

Pali bodza linanso limene timanamizana tokha, lakuti kumudzi moyo ndi wotchipa. Ambiri opuma msanga amawerengera kuti akasiya lendi ya mtauni adzadya za kumunda. Munda wa masiku ano umadya feteleza usanakudyetse, ndipo msana wa munthu amene wakhala pa mpando zaka makumi awiri sugwirizana ndi khasu, choncho pamafunika aganyu. Kumudziko wopuma amatchedwa bwana. Mwana wa mlongo akasankhidwa kupita ku sekondale, maso onse ali pa iye. Maliro akagwa, bokosi ndi lake. Atsibweni sangakane, ndipo inenso amene anandilipirira fizi ndilibe pakamwa powauza kuti akane. Tsiku lopuma ndi tsikunso limene khadi lachipatala la kuntchito limasiya kugwira, pa msinkhu umene shuga ndi BP zimayamba kugogoda. Kuchipatala cha boma salipiritsa, inde, koma kangati munthu amabwerako ndi kapepala koti akagule yekha ku famase?

Sindikunena kuti kulemba bajeti n'kupusa. Ndikunena kuti bajeti yolembedwa m'makwacha a chaka chimodzi imanama, ndipo amene amaiphunzitsa osatchula zimenezi amanamiza anthu. Mlangizi woona mtima akanauza atsibweni kuti asinthe K150,000 ija kukhala matumba a chimanga, matumba a feteleza ndi mabotolo a mankhwala, kenaka adule chiwerengerocho pakati, adulenso kachiwiri, n'kudzifunsa ngati angakhale ndi moyo pa zotsalazo ali ndi zaka 65. Akanawafunsa ngati nyumba yatha kumangidwa, ngati mwana wotsiriza wamaliza sukulu, ngati katapila yense wabwezedwa. Akanawafotokozera kuti penshoni imene imayamba yochepa koma n'kumakwera chaka ndi chaka imaposa imene imayamba yonona n'kuima pomwepo. Yankho likanakhala lowawa: khalanibe pa ntchito, ngakhale bwana wake ndi wamwano. Kupuma msanga kumakomera amene ali ndi nyumba za lendi ku Area 47 kapena ana ku Manchester. Kwa kalaliki ndi msampha, ndipo nthawi zambiri wotchera ndi kampani yomwe, imene ikufuna kuchepetsa antchito popanda phokoso n'kuitcha nkhaniyo mwayi.

Mwezi wathawu ndinawapeza atsibweni pakhonde, kope lili pamwendo. Anali atatsegula tsamba latsopano, lachisanu ndi chinayi chiyambire, ndipo mzere wa nyama unali utachoka kalekale. Tsopano ankawerengera ngati mapiritsi a BP angamamwe tsiku lina n'kudumpha lina. Ndinawauza kuti zimenezo ayi, mankhwala ndizigula ine. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anafunsa kuti, "Nanga iwe mphwanga, yako ukusonkha zingati?" Ndinawauza. Anatenga cholembera n'kuyamba kuwerengera m'mphepete mwa tsambalo, ndipo sanandiuze chimene anapeza.