Msonkho wa pa Mseu: Ulendo wa ku Lusaka Udya Ndalama Zingati?

Kale munthu wa ku Chadiza akafuna kupita ku Lusaka pa galimoto anali kuwerengera zinthu ziwiri zokha, mafuta ndi kamba wa pa njira. Masiku ano pali cinthu cacitatu, ndico msonkho wolipira pa zipata zimene Boma linamanga pa miseu ikuluikulu, zimene anthu azicha ma toll gate. Nkhani ya zipatazi imakambidwa kwambiri m'misika ndi pa masiteshoni a basi, koma ambiri oikamba sanakhalepo pansi ndi kuwerengera bwino. Ena akuti msonkhowu ndiwo unakweza mitengo ya zinthu zonse. Ena akuti ndi kandalama kocepa kosayenera kukadandaula. Mlandu wotere uweruzika ndi masamu.

Lamulo lolola Boma kulipiritsa msonkho pa miseu linakhazikitsidwa ndi Nyumba ya Malamulo m'caka ca 2011. Mu November 2013 malole akuluakulu anayamba kulipira pa malo opimira kulemera kwa katundu, ndipo mu 2016 zipata zoyamba zolipiritsa galimoto la mtundu uliwonse zinatsegulidwa pa Manyumbi ndi pa Kafulafuta, pa mseu wocoka ku Kabwe kunka ku Ndola. Bungwe losonkhanitsa ndi kusunga ndalamazi ndi National Road Fund Agency, pamene nchito yomanga ndi kukonza miseu ili m'manja mwa Road Development Agency.

Pa mseu wa Great East, umene ndiwo msana wa cigawo ca Kum'mawa, anamangapo zipata zitatu. Munthu wocoka ku Chipata ayamba kufika pa cipata ca Reuben Kamanga asanalowe mu Katete, ndiye ca Alexander Grey Zulu pakati pa Petauke ndi Nyimba, ndipo cotsiriza ndi ca ku Chongwe, ataoloka kale mtsinje wa Luangwa. Maina awiri oyambawo ndi a ana a cigawo cino: a Kamanga anali waciwiri kwa Mtsogoleri wa dziko pa nthawi ya ufulu mu 1964, ndipo a Zulu anatumikira zaka zambiri m'Boma la a Kaunda.

Tsopano masamu ake. Mu 2017 mtengo wa galimoto laling'ono unaikidwa pa K20 nthawi iliyonse likadutsa pa cipata. Msonkhowu suwerengedwa potsata utali wa ulendo ai, koma potsata kuculuka kwa zipata zimene munthu wadutsa, ndipo pobwerera alipiranso cimodzimodzi. Pa mtengo umenewo, munthu wa ku Chadiza amene wadzera ku Chipata adutsa zipata zitatu popita ndi zitatu pobwera, zonse pamodzi K120. Amene watulukira ku Katete asiya cipata ca Kamanga kumbuyo kwake, motero pa mseu wa Great East alipira kanai kokha, ndiyo K80.

Ndalama zimenezi ziyenera kuikidwa pambali pa mtengo wa mafuta kuti kukula kwake kuoneke. Kucokera ku Chipata kufika ku Lusaka pali makilomita pafupifupi 570, ndipo ulendo wocokera ku Chadiza ungayerekezedwe pa makilomita 600, wocepako ngati munthu adzera ku Katete, wocurukirapo ngati adzera ku Chipata. Kupita ndi kubwera ndi makilomita 1,200. Galimoto limene likumwa malita 8 pa makilomita 100 lifuna malita 96. Mu 2024 lita imodzi ya petulo inali kugulidwa pafupifupi K30 kapena kuposerapo, motero mafuta okha anali kudya ndalama zosacepera K2,880. Pa ulendo wotere msonkho wa zipata ungofika pa K4 mwa K100 iliyonse yopita ku mafuta. Mwini galimoto amene akudandaula ndi cipata koma osayang'ana mphepo ya m'matayala ace, kapena amene athamanga mopitirira muyeso pa zitunda za ku Luangwa, ataya ndalama zambiri pa mafuta koposa zimene apereka pa windo.

Kudzera ku Katete kupulumutsa K40, inde, koma njira yochipa pa msonkho siikhala yochipa nyengo zonse. Pa dzinja, pamene miseu ya fumbi yakumbika ndi madzi, tayala limodzi likaphulika kapena sipuling'i ikathyoka, K40 ija isanduka nthano. Oyendetsa odziwa amafunsa kaye kwa anzao amene adutsako m'sabata lomwelo.

Koma anthu ambiri a kwa Mlolo, kwa Mwangala ndi kwa Zingalume alibe galimoto, ndipo ena a iwo sanacionepo n'komwe cipata ca ku Chongwe. Kodi iwo nkhaniyi iwakhudza? Iwakhudza ndithu, popeza lole lonyamula cimanga, soya kapena nshawa zao lilipira msonkho wokulirapo. Pa mitengo ya zaka zapitazo lole lalikulu linali kulipira K150 pa cipata cimodzi. Kudutsa kasanu ndi kamodzi ndiko K900. Ngati lolelo lanyamula matani 30, ndiwo matumba 600 a makilogalamu 50, ndipo ngati libwerera lopanda katundu, thumba lililonse lisenza K1.50 ya msonkho. Mitengo ya malole inakwezedwa m'zaka zotsatira, koma ngakhale itawirikiza kawiri, thumba lisenza K3 cabe. Mwini lole sataya ndalamayi. Aiika pa mtengo wonyamulira, wogula mbeu naye aicotsa pa mtengo wopatsa mlimi. Feteleza wocokera ku Lusaka afikanso ndi msonkho wace m'kati. Motero mlimi alipira, ngakhale sanaimepo pa windo. Komabe wogula mbeu akabwera pa mudzi nanena kuti watsitsa mtengo wa thumba ndi K20 kapena K30 cifukwa ca zipata, mlimi wodziwa masamuwa ali ndi pomuyankhira. N'cimodzimodzi ndi mabasi: msonkho wa basi ugawika pa anthu onse okwera, ndipo gawo la munthu mmodzi ndi locepa kwambiri.

Pa zipatazi munthu angathe kulipira ndi ndalama za m'manja kapena ndi khadi la makina, limene aikamo ndalama ulendo usanayambe. Akafika pa windo khadilo liwerengedwa ndi kompyuta, msonkho ucotsedwa, mtanda wochinga njira nukwera. Ubwino wace kwa mwini lole kapena basi ndi woonekeratu: sapatsa dalaivala ndalama za m'thumba, ndipo aona m'kaundula tsiku ndi ola limene galimoto lace linadutsa. Ku mbali ya Boma nakonso, ndalama zosadutsa m'manja ambiri zifika zamphumphu. Wolipira ndi ndalama za m'manja asacoke pa windo wopanda lisiti. Palinso kucepetsa mtengo kwa anthu odutsa pa cipata cimodzi kawirikawiri, ndi kwa okhala m'kati mwa makilomita 10 kucokera pa cipata, akalembetsa galimoto lao. Mwai waciwiriwu suwafikira a pa boma la Chadiza, pakuti ali kutali ndi cipata ca Kamanga.

Khadi limeneli lisasokonezedwe ndi njira ina imene anaiyesa ku South Africa, kumene ana ambiri a cigawo cino ndi a ku Malawi amakagwira nchito. M'December 2013 miseu ikuluikulu yozungulira Johannesburg ndi Pretoria inayamba kulipiritsa popanda cipata ciliconse. Anaimika zitsulo zopingasa pamwamba pa mseu, zokhala ndi makamera owerenga nambala ya galimoto likuthamanga, ndipo ngongole inali kutsatira mwini wace pambuyo. Mtengo unali kusiyana potsata malo, nthawi ya tsiku, ndiponso ngati munthu analembetsa ndi kuika kacipangizo kochedwa e-tag m'galimoto mwace. Munthu wamba sanali kutha kudziwa bwino ndalama za ulendo asananyamuke. Oyendetsa ocuruka anakana kulipira, milandu inafika m'makhoti, ndipo m'April 2024 makinawo analeka kulipiritsa. Ngongole yomangira miseuyo inagwera Boma lalikulu ndi la cigawo ca Gauteng, ndiko kunena kuti inagwera okhoma msonkho onse, ndi osayenda pa miseuyo omwe. Njira ya kuno icedwetsa ulendo pang'ono, koma mtengo walembedwa pa cikwangwani, ndipo mwana wa sukulu angathe kuuwerengera pa pepala.

Dandaulo lenileni la anthu a ku Chadiza silili pa kukula kwa msonkho. Lili pa funso lakuti ndalamazo zibwerera liti kwao. Mwini galimoto alipira kale msonkho wa pa caka ku Road Transport and Safety Agency, ndipo m'mtengo wa mafuta mulinso gawo lopita ku thumba la miseu. Cipata ndi kacitatu. Mseu wa Great East kucokera pa ulalo wa Luangwa kufika ku Mwami unakonzedwa ndi thandizo ndi ngongole zocokera ku maiko a ku Ulaya ndi ku African Development Bank, ndipo palibe wotsutsa kuti mseu wotere ufuna ndalama zousamalira. Walira mvula walira matope. Koma miseu yolumikiza Chadiza ndi Chipata ndiponso Katete inaikidwa m'ndondomeko ya Link Zambia 8000 imene a Michael Sata anatsegulira mu 2012, ndipo nchito yace inaima zaka zambiri cifukwa ca kusowa ndalama. M'zaka zimenezo munthu anali kuononga galimoto pa mseu wa kwao, nakalipira msonkho pa mseu wa eni. Ku Malawi nakonso, zipata za Chingeni ku Ntcheu ndi Kalinyeke ku Dedza zitamangidwa, anthu anadandaula mpaka Boma linatsitsa mitengo imene linalengeza poyamba mu 2021.

Cimene ciyenera kuyang'anitsitsidwa tsopano ndi mapangano a Boma ndi makampani. Mu 2023 Boma linasaina pangano lakuti kampani imange mseu wa Lusaka kufika ku Ndola ndi ndalama pafupifupi madola 650 miliyoni, ndi kudzibwezera mwa kutolera msonkho pa zaka za panganolo, zimene ndi 25. M'caka comweco linasainanso pangano la mtundu womwewo la mseu wa makilomita pafupifupi 55 wocoka ku Katete kufika pa malire a Chanida, kumene malole a ku Tete ndi ku Beira alowera. Mseu umenewu ndiwo a ku Chadiza ambiri atulukira popita ku Katete. Pa mseu wa pangano lotere, malo a cipata ndiwo aweruza zonse: cipata cokhala pakati pa mphambano ya ku Chadiza ndi Katete cionjeza malipiro awiri pa ulendo wa ku Lusaka, ndipo K40 ija yopulumutsidwa podzera ku Katete itha pomwepo, pamene cokhala kufupi ndi malire cigwira malole akunja okha ndi anthu a m'midzi ya kumeneko. Makhansala ndi mafumu a m'boma la Chadiza ali ndi cifukwa cokwanira cofunsira kuti midzi yoyandikira cipata cotero ilembetsedwe pa mtengo wocepa wa anthu a pafupi.