Screen yopindika siichiritsa menso

Pa Town Centre na mu ma shop ya pa Cairo Road, ma monitor yopindika yachuluka. Ogulitsa akuti ukagula, menso yazaleka kubaba. Mnyamata wina wa ku Kabwata, wopanga ma poster mpaka usiku, anaponyapo ndalama ya rent.

Nkhani ili so: pa screen yaikulu, monga ya mainchi 34, m'mbali mumakhala patali kupambana pakati, ndiye menso yamasinthasintha mpaka kulema. Kupindika kumachepetsako kusiyana uku. Manambala yaja 1800R na 1000R ni mamilimita: 1000R ifuna mukhale pafupifupi mita imodzi, pakati penipeni. Mnzanu woonera pambali sapindula kanthu. Pa ka screen ka mainchi 24, phindu ni yochepa.

Manje chamene ogulitsa sakamba ni ichi: tikayang'anitsitsa screen timaphethira pang'ono, menso yauma, ndipo kupindika sikukonza izi. Pakapita mamineti 20, yang'anani chinthu chili pa mamita 6 kwa masekondi 20. Malaiti yakapita, chepetsani brightness. Ngati mutu upitiliza kubaba, yambani mwapimitsa menso mukalibe kugula monitor.