MASEŴERA A PA KOMPYUTA: KODI TIKHALA OSEŴERA CHABE KAPENA OPANGA?

M'gawo lino tikambirane za phunziro limene ambiri amaliyesa chibwana, ndilo kupanga maseŵera a pa kompyuta. Ku Manyamula ndi kumadera ena a kummwera kwa Mzimba, kumene anyamata ambiri akatsiriza sukulu amalunjika ku Joni kukafuna ntchito, mafoni amakono saali achilendo, pakuti abale amatumiza kuchokera ku Johannesburg. Ana athu amaseŵera pa mafoniwo mwaluso, koma ndi oŵerengeka amene anauzidwapo kuti seŵero lililonse linalembedwa ndi munthu wonga iwo.

Tsono wophunzira amakumana ndi zotani m'kalasi lotere? Kaŵirikaŵiri amayamba ndi pulogalamu ya Scratch, imene inatulutsidwa m'chaka cha 2007 ndi gulu la Mitchel Resnick pa sukulu ya ukachenjede ya MIT ku America. M'malo molemba mawu ovuta, mwana amalumikiza malamulo ngati njerwa, ndipo kamphaka ka pa galasi kamachita monga walamula. Kuti kapite kumanja, ayenera kuwonjezera nambala ya x. Kuti kakwere, awonjezere ya y. Apo ndi pamene amazindikira kuti masamu a magirafu, amene ankawaloŵeza modandaula, ali ndi ntchito. Kenaka amaphunzira lamulo lakuti “ngati chakuti chachitika, chita chakuti”, lamulo lobwereza, ndi kasungidwe ka zigoli.

Chovuta chimadza pamene seŵero lakana kuyenda. Kompyuta simva chisoni ndipo siganizira zimene munthu amafuna kunena. Imachita zokhazo zimene yauzidwa. Wophunzira ayenera kubwerera m'mbuyo, lamulo ndi lamulo, mpaka apeze pamene panakhota. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo phindu lalikulu la phunziroli ndi kudekha kumeneku.

Nzeru yotere si yachilendo pakati pathu. Bawo ali ndi maenje 32 m'mizere inayi, ndipo ali ndi malamulo a kafesedwe ndi kadyedwe amene salola kuphonya. Mwana amene angathe kufotokoza malamulo a bawo mwatsatanetsatane, kotero kuti mlendo aseŵere osafunsa, wagwira kale theka la ntchito ya wolemba mapulogalamu. Mphunzitsi angayambire pomwepo, ndi choko ndi bolodi, magetsi asanafike.

Komatu tisanamizane, kompyuta yeniyeni njofunika. Phunziro la kompyuta lilipo pa mayeso a MSCE, koma sukulu zambiri zoyendera za kumudzi zilibe makina okwanira kapena magetsi odalirika. Mwayi ulipo mu ndondomeko ya BEFIT, imene Boma linayamba m'chaka cha 2023, yopereka matabuleti otchajidwa ndi mphamvu ya dzuŵa kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4 kuti aphunzire kuŵerenga ndi masamu. Ana ameneŵa adzafika ku sekondale zala zawo zitazoloŵera galasi. Adzapezako chiyani? Ngati sitikonzeka lero, luso lawo lidzathera pa kuseŵera basi. Bungwe la mHub, limene Rachel Sibande anayambitsa ku Lilongwe, laonetsa kale kuti ana a m'Malaŵi amaphunzira kulemba mapulogalamu akapatsidwa mpata.

Aphunzitsi asamalenso posankha zida. M'chaka cha 2023 kampani ya Unity inalengeza kuti opanga maseŵera ogulidwa kwambiri azilipira molingana ndi kuchuluka kwa anthu oika maseŵerawo m'makina awo. Dandaulo linakula, ndipo m'chaka cha 2024 ganizolo linathetsedwa. Koma phunziro linatsala, lakuti khasu lobwereka mwini angalilande pakati pa dzinja. Scratch ndi yaulere ndipo imagwira ntchito popanda intaneti. Godot, imene inatsegulidwa kwa onse m'chaka cha 2014, ndi yaulerenso kwa amene akhwima. Ndiponso malamulo a Scratch anamasuliridwa m'Chiswahili ndi m'Chizulu ndi anthu ongodzipereka. Aphunzitsi athu a Chicheŵa ndi Chitumbuka angathe kugwira ntchito yomweyo.

Si onse adzadya za maseŵera, ndipo tisaŵalonjeze zimenezo. Koma wophunzira amene wadziŵa kugaŵa vuto lalikulu m'tizigawo ndi kufufuza cholakwa mosatopa adzapindula kulikonse, kaya ku munda, ku kopaletivu kapena ku Yunivesite ya Mzuzu. M'gawo lotsatira tidzaona m'mene sukulu ya makompyuta asanu ingaphunzitsire kalasi lonse.